Za mabogi akale aja mwafunsa achimwene

Achimwene, chithunzi mwaikachi chandigwira mtima, mabogi atatu ali patchire udzu mpaka kutulukira m'mawindo. Mwafunsa kuti kodi bogi ya pasenjala ikakalamba imathera kuti, komanso bwanji osangoisunga kapena kumugulitsa munthu apange lesitilanti. Ndaona ena ayankha kale zoti ndi sikilapu basi palibe nkhani, ena ayamba zandale monga mwa masiku onse kkkk. Ine ndiloleni nditalikitse, bando yanu ipirire, chifukwa ndinakulira m'mbali mwa njanji ndipo malume anga anagwira ntchito yokonza mabogi mpaka kupuma, nde zina ndinazimva tili pamkeka madzulo, zina ndinakaziona ndi maso angawa.

Anthu ambiri amaganiza kuti bogi imatha chifukwa cha mawilo kapena mtunda umene yayenda. Ayi. Mawilo amasinthidwa, akadyeka amakawasema pamakina nkubwereranso panjanji. Bogi imafa kuyambira kudenga. Pamene malata anakumana pakangoboka kabowo olo kakang'ono ngati ka singano, madzi amvula amatsika mkati mwa khoma momwe simungaone, pakati pa chitsulo chakunja ndi matabwa amkati, nkukakhazikika m'munsi mwa mawindo ndi pansi penipeni pomwe khoma lakumana ndi fulemu. Kunja penti ali phuliphuli koma mkati dzimbiri likudya ngati chiswe. Malo ena oyamba kuola ndi kutoileti, mukudziwa nokha madzi ndi mkodzo zaka 30 zikugwera pachitsulo chomwecho. Malume ankayenda ndi kahamala kakang'ono, akagogoda khoma amamvetsera, likalira ngwe ngwe ndiye lili moyo, likangoti phu phu amagwedeza mutu nkulemba ndi choko. Tsiku lina ananditenga ndili mwana, anabaya ndi sikuludilaiva pansi pa windo la bogi yooneka bwinobwino, sikuludilaiva inangolowa yonse ngati akubaya papaya wakupsa.

Pang'ono ndipatuke, mawu akuti bogi amene timatchula ngolo yonseyi, eni ake a njanji amatanthauza kachingolo kamawilo kali pansi kaja, kamakhala kawiri, kena kutsogolo kena kumbuyo. Ife tinangotenga dzina la miyendo nkupatsa thupi lonse. Palibe vuto, timamvana.

Nde ikafika poti kukonza kwaposa mtengo wake, sikuti amaidula tsiku lomwelo. Amaikankhira kunjanji yapambali ati tidzaiona ndalama zikapezeka. Kenako ina yomwe ikuyenda yathyoka chitseko, amakachotsa pa iyi. Mawa mabuleki, mkuja mipando, imakhala ikudyetsa zinzake mpaka yatsala chigoba. Zotsalazo amamaliza ndi anyamata ausiku, mawaya a kopa, mafulemu a mawindo a aluminiyamu, matepi a madzi, ndipo mapoto ena mumagula pamsika aja osawafunsa kumene anachokera kkkk. Mapeto ake amabwera a gasi kudzaidula zidutswazidutswa nkugulitsa pa kilo. Chithunzi chanucho ndikuona ngati ali pa siteji yodyetsa anzawo, mawindo mulibe koma mawilo akadalipo.

Palinso nkhani ya chitetezo. Mabogi akalekale anali a matabwa pamwamba pa fulemu yachitsulo, nde pangozi fulemu ya bogi yakumbuyo imakwera pamwamba pa inzake nkulowa mkati kumeta matabwa ndi anthu omwe. Nchifukwa chake maiko ambiri anawasiya. Ngakhale achitsulo, ku Britain ngozi ya pa Clapham Junction mu 1988 yomwe inapha anthu 35 inachititsa kuti ayambe kuwayang'ana ndi diso lina mabogi awo akale otchedwa Mark 1, aja a zitseko zomenyetsa ndi manja, ndipo pofika cha m'ma 2005 anali atawachotsa pa maulendo a tsiku ndi tsiku. Komanso ambiri a zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anaikidwa asibesitosi m'makoma wotchinga kutentha, fumbi lake ndi loopsa m'mapapo, izi muzisunge ndibwereranso.

Tsopano za kusunga. Zimatheka ndithu ndipo anzathu oyandikana nawo akuchita. Ndinapitako ku Bulawayo kukaona azakhali, bambo awo anali m'gulu la aMalawi aja anapita kukagwira ntchito ku Rhodesia, Zimbabwe ya lero, osabwereranso, nde msuweni wanga anandiperekeza ku nyumba yosungira zakale za njanji ili kufupi ndi siteshoni yaikulu, inatsegulidwa mu 1972. Muli mainjini a malasha ambirimbiri, ena aakulu ngati nyumba, koma aliyense akalowa amathamangira bogi imodzi, ya Cecil Rhodes, mtsamunda wachingelezi yemwe dzina la Rhodesia linachokera kwa iye. Mkati matabwa akuwala ngati apakidwa dzulo, pogona pake, podyera pake, munthu anamwalira 1902 koma bogi yake ili bwino kuposa nyumba zambiri zomwe ndikuzidziwa. Ndinaima mmenemo nkumadzifunsa kuti nanga agogo aja, bambo a azakhali, anabwera kuno atakwera chani? Sanakwere iyi ayi. Anakwera thedi kilasi, benchi ya thabwa, kuchoka ku Limbe kutsika kuchigwa, kuoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana womwe unatha mu 1935, kukasintha ku Dondo kufupi ndi Beira nkukwera ya ku Salisbury komwe pano ndi Harare, kathumba ka ufa ndi mbatata yootcha pamwendo.

Apa ndi pomwe pamandipweteka ine. Padziko lonse zosungidwa nthawi zambiri zimakhala injini, chifukwa ndi yokongola ndipo ana amakonda kujambulitsa pamenepo, kapena bogi ya bwana. Ku France kuli ina yotchuka, yomwe anasainiramo zothetsa nkhondo yoyamba ya dziko lonse pa 11 November 1918 m'nkhalango ya Compiègne. Hitler anakaitulutsa mu 1940 kuti aFalansa asainire momwemo kugonja kwawo, anaitengera ku Germany, ndipo inapsa mu 1945. Koma taonani, eni ake sanagwe ulesi, anakapeza inzake yopangidwa mofanana nkuikapo, mpaka lero anthu akukaiona. Bogi ya akuluakulu olo ipse amaibwezeretsa. Ya anthu wamba, yomwe inanyamula mamiliyoni, palibe amaiwerengera chifukwa zinalipo zambirimbiri, aliyense amati ina ilipo, ina ilipo, tsiku lina mudzadzidzimuka yomaliza anadula chaka chatha.

Chosangalatsa nchoti ku England mabogi ena a anthu wamba anapulumuka chifukwa cha umphawi womwewo. Kale kampani ikatopa nayo bogi yamatabwa imachotsa mawilo nkugulitsa thupilo motchipa, anthu nkukaika m'munda kukhala nyumba, khola la nkhuku kapena kanyumba ka kunyanja. Eni ake amafolera, amapaka penti chaka ndi chaka chifukwa akugonamo. Patapita zaka zambiri anthu ongodzipereka, monga a njanji ya Isle of Wight Steam Railway, anayamba kuwasaka m'mindamo, kuwaika pa fulemu ina nkuwakonza thabwa ndi thabwa, pano mabogi a zaka za m'ma 1800 akunyamulanso alendo. Ine ndimaonera pa YouTube madala opuma pantchito akupala kathabwa kamodzi tsiku lonse osalandira kanthu, ndimangoti koma ya, anthu ali ndi mtima.

Njira ina ndi ya bizinesi, ndipo iyi ndi yomwe ili pafupi ndi funso lanu. Ku South Africa bambo wina Rohan Vos anayamba kugula mabogi otayidwa nkumawakonza, mu 1989 anayambitsa Rovos Rail, malo awo ali ku Capital Park mu Pretoria, ndipo sitima yawo imafika mpaka ku Dar es Salaam kuchokera ku Cape Town kudutsa pa Victoria Falls ndi njanji ya TAZARA, ulendo wa masabata awiri. Mtengo wake musafunse, mungadwale BP. Kumalo osungira nyama zakutchire a Kruger, ku South Africa komweko, nakonso anatenga mabogi akale nkuwaimika pamwamba pa mlatho wa mtsinje wa Sabie pa Skukuza, pomwe sitima zinasiya kudutsa mu 1973, nkuwasandutsa hotela yotchedwa Kruger Shalati, inatsegulidwa kumapeto kwa 2020, munthu uli pabedi ukuona mvuu ndi ng'ona pansi. Ku Livingstone ku Zambia, shedi yakale ya mainjini a Zambezi Sawmills anaisandutsa malo osungirako za njanji. Onsewa chimene akufanana nchoti bogi ili ndi denga labwino, ili ndi mlonda, ndipo ili ndi ntchito yobweretsa kandalama. Ikasowa chimodzi mwa zitatuzi, olo muipake penti wokongola bwanji, mvula zisanu basi yabwerera momwe inalili. Koma onaninso kuti a bizinesiwa akatenga bogi amagumula mkati monse, mabenchi kunja, nkuikamo bafa ndi kapeti. Chitsulo chapulumuka inde, koma mbiri ya amene ankakweramo yapita limodzi ndi mabenchiwo.

Kwathu kuno njanji si yadzana ayi. Sitima inafika mu Blantyre mu 1908 kuchokera ku Nsanje komwe nthawi imeneyo ankati Port Herald, inafika ku Salima mu 1935, ya ku Nayuchi yolowera ku Nacala inatsegulidwa mu 1970. Mukapita ku Chichiri ku museum mukaona kainjini kakale kali panja, ana asukulu amakakwera pamenepo. Zabwino. Koma ine ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaika pambali pake bogi imodzi yokha ya thedi kilasi, osaikongoletsa, mabenchi omwewo, mashelefu a katundu omwewo, kuti mwana wobadwa pano alowe akhale pansi aone mmene agogo ake ankayendera. Amene munakwerapo ya kumunsi ija yodzera ku Luchenza, Sandama, Thekerani mpaka ku Makhanga mukudziwa chimene ndikunena. Nthochi mikoko mikoko mpaka pakhomo la toileti, nkhuku zomanga miyendo pansi pa benchi, nzimbe, mayi wina akuyamwitsa wina akusenda chinangwa, sitima ikangoima manja ali m'mawindo, mandasi uku nsomba zouma uko, chenji kuponyerana sitima itayamba kale kuyenda. Ine ndinagonapo pamwamba pa thumba la chimanga la munthu wosamudziwa kuchokera madzulo mpaka mbandakucha, mwini wake anangondifunditsa chitenje osandidzutsa.

Nde za lesitilanti yanuyo achimwene, sindikukugwetsani ulesi koma muwerengere bwino. Poyamba mabogi amenewo ali ndi mwini wake olo aoneke otayidwa, mukalembe kalata kwa eni njanji mufunse ngati amagulitsa komanso mwanjira yanji, musakangopangana ndi mlonda pageti mudzagona m'chitokosi. Mtengo wogulira nthawi zambiri umatsatira kulemera kwa chitsulo, ndipo bogi imodzi imakwana matani 30 kapena kuposa, kutalika pafupifupi mamita 20. Koma ndalama yeniyeni ili pa kunyamula. Mufunika kireni, mwinanso ziwiri, lobedi yaitali, chilolezo cha katundu wopitirira muyezo pamsewu, thupi paulendo wake mawilo paulendo wake, ndiye mukaone ngati kamsewu ka kuploti kwanu lole yotero ingakhote. Komwe ikukakhalako muyale kanjanji kakafupi pamiyala, isagunde dothi. Mnzanga wina anathamangira kugula kontena osaganiza za msewu, inakhala kwa neba miyezi inayi akulipira lendi ya malo, nanji bogi.

Musanagumule khoma lililonse mupeze wodziwa ayang'ane za asibesitosi uja, musalole anyamata angolowa ndi galainda opanda chotchinga kumphuno. Ndipo mumange shedi ya malata pamwamba pake kusiya mpata wa mphepo, chifukwa chitsulo chimenecho mu October ndi uvuni, makasitomala adzapsa chipisi chisanapse, komanso shediyo ndi yomwe idzaletse madzi aja ndanena poyamba.

Mukadzadutsakonso, mupemphe chilolezo muyandikire. Muyang'ane m'munsi pa fulemu cha kumapeto, pamakhala kachitsulo kolembedwa kampani yomwe inapanga ndi chaka chake, ngati anyamata a sikilapu sanakagwule kale. Mujambule kameneko, nambala ya bogi m'mbali, denga, ndi mkati ngati mabenchi alipo. Muponye mugulu muno, malume akadali moyo ngakhale maso avuta, ndikawakulitsira pafoni andiuze ngati ina mwa itatuyo inadutsapo m'manja mwawo.