Ndikadzamwalira kuno ku Joni, adzandikumbukira ndi chiyani?

FUNSO: Akonzi, ndakhala zaka zambiri ku Johannesburg ndikugwira ntchito ya ulonda. Mwezi watha mnzathu anamwalira, tinasonkherana ndalama n'kutumiza thupi lake kumudzi, koma lero palibe amene akutchulanso dzina lake. Ine ndalama zonse ndikuzithira pa nyumba imene ndikumanga ku Mangochi, ndipo ana anga amandidziwira pa foni basi. Kodi moyo wotere uli ndi phindu? — Bambo wa ku Diepsloot

YANKHO: Pepani ndi malirowo, Bambo. Musafulumire kunena kuti mnzanuyo waiwalika chifukwa choti a ku Diepsloot asiya kumutchula. Kuno munthu amadzuka kusanache kuthamangira tekisi, ndipo amene akumulirabe ali kumudzi, kumene kwasiya kufika ndalama ya feteleza ndi ya fizi.

Nkhawa yanuyi agogo athu ankaidziwa. Ankabwera kumigodi kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi, mpaka mu 1974 pamene ndege ya bungweli inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda n'kuletsa ulendowo. Ena mwa iwo anasanduka matchona, ndipo chimene chinkawawa abale awo kwambiri chinali kusowa kwa kalata ngakhale imodzi, osati kutalika kwa mtunda. Komanso kufera kunja sikufafaniza dzina la munthu. Clements Kadalie, wa ku Nkhata Bay, amene anaphunzira ku Livingstonia, anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919 ndipo anamwalira ku East London mu 1951, koma mpaka lero amatchulidwa chifukwa cha anthu osauka amene anawalankhulira.

Kunena zoona, nyumba ndi yofunika, koma sindikuona kuti njerwa ndizo zidzakuyankhulireni. Mwana amakumbukira bambo amene anamufunsa za mayeso a Fomu 4 n'kudikira yankho lake, osati amene ankaimba foni n'kungofunsa kuti matumba a simenti atsala angati. Ngati mapepala anu ali bwino, kwerani basi pa Park Station Disembala akubwerayu, denga lidikire pang'ono. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo nthawi nayonso ndi chinthu chopatsa.

Pali zina zoti mukonze mukadali ndi mphamvu. Lowani m'gulu lothandizana pa maliro, kapena tengani polisi imene yalembedwa poyera kuti imalipira ulendo wa thupi mpaka ku Malawi, kuti akazi anu asadzayambe umasiye ndi ngongole. Lembaninso wilu, chifukwa ngakhale lamulo la ku Malawi la mu 2011 la chuma cha masiye limati kulanda katundu wa omwalira ndi mlandu, mkangano umachepa pamene mwini wake analemba yekha kuti nyumbayo idzakhala ya ndani. Pepala limodzi likhale kwa akazi anu, lina kwa munthu amene mumamukhulupirira kuno.