Kodi camellia angachite bwino pabwalo la ku Lusaka?

Amayi ena a ku Chelstone, mumzinda wa Lusaka, anandilembera imelo. Mwana wawo anawagulira kamtengo ka camellia ku nazale, ndipo pakapepala kake panalembedwa dzina loti Shishi Gashira, komanso kuti kamachita maluwa kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Bwalo lawo ndi laling'ono, madzi ndi a borehole. Akufunsa ngati akabzale pansi kapena mumphika, padzuwa kapena pamthunzi, komanso ngati maluwawo adzawaonadi mu Okutobala.

Zikomo Amayi. Za miyeziyo musazitengere. Analemba kapepalako ankaganiza za maiko a kumpoto, komwe Okutobala ndi nthawi imene kutentha kwatha ndipo kuzizira kukuyamba. Kwathu kuno nyengo yofanana nayo ndi ya masika, choncho maluwa muwayembekezere cha mu Epulo mpaka Juni, anthu akukolola chimanga. Mu Okutobala wathu kamtengoko kadzangokhala kakulimbana ndi dzuwa.

Mwana wanu anasankha bwino. Shishi Gashira amagulitsidwa m'gulu la camellia otchedwa sasanqua, omwe kwawo ndi kum'mwera kwa Japan, ndipo amapirira dzuwa kuposa camellia wa mtundu wina wotchedwa japonica, wa maluwa akuluakulu. Amakula pang'onopang'ono, kutalika mita imodzi kapena imodzi ndi theka, n'kumatambasukira m'mbali. Masamba sayoyoka, maluwa ake ndi apinki wodera. Ndi pachibale ndi tiyi, ndipo apa m'pamene pali yankho la funso lanu. Taonani komwe tiyi amalimidwa: ku Kawambwa, ku Mulanje, ku Thyolo. Konseko mvula ndi yambiri ndipo dothi lili ndi asidi. Camellia amafunanso zomwezo, dothi la pH (muyeso wa asidi) ya pakati pa 5.5 ndi 6.5.

Tsono mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pamwala wa laimu. N'chifukwa chake fakitale ya simenti inamangidwa ku Chilanga, ndipo n'chifukwa chake ketulo yanu imachita zoyera zokakamira pansi. Zoyerazo ndi laimu wa m'madzi a borehole. Mukamathirira nawo kamtengoko mwezi ndi mwezi, asidi wa m'dothi amatha, ndiye mizu imalephera kuyamwa ayironi ngakhale alipo. Mudzaona masamba anthete akusanduka achikasu, mitsempha yokha n'kutsala yobiriwira. Ambiri akaona zimenezi amati mtengo uli ndi njala, amathira feteleza wambiri, kamtengo n'kupserera.

Sikuti dothi la mzinda wonse ndi limodzi ayi. Tapani louma pang'ono pabwalo panu, muliike m'sosala, mudontheze viniga. Likachita thovu, laimu ndi wochuluka ndipo pansipo musayesere n'komwe. Mukafuna nambala yeniyeni, kumalo ofufuzira zaulimi a Mount Makulu amayeza dothi. Koma ine ndikanakhala inu ndikanabzala mumphika basi, chifukwa ngakhale dothi litakhala labwino, madzi aja adzaliwononga m'kupita kwa nthawi, ndipo dothi la mumphika ndi losavuta kukonza kapena kusintha.

Mphika ukhale wokulirapo pang'ono kuposa chipepala chomwe kabwera nacho, wobowoka bwino kunsi. Wa simenti watsopano ayi, umatulutsa laimu. Sakanizani makungwa a paini owola, manyowa a masamba owolerana ndi mchenga wa kumtsinje pang'ono. Phulusa lisayandikire, ngakhale agogo anatiphunzitsa kuthira paliponse, ndipo zitosi za nkhuku zosawola zimatentha mizu. Musakakwirire mozama. Mizu ya camellia imayenda pamwamba, choncho dothi lomwe kabwera nalo lilekeze pomwe panalekeza kale, kapena litumphuke pang'ono. Pamwamba yalani masamba ouma a paini, koma asakhudze tsinde, ndipo muzisuzumira pansi pake chifukwa chiswe cha kuno sichichedwa.

Madzi abwino ndi a mvula. Lusaka imalandira mamilimita pafupifupi 800 pachaka, ndipo pafupifupi yonse imagwa pakati pa Novembala ndi Marichi. Tcherani madilamu awiri kunsi kwa malata, muziwavundikira kuopa udzudzu, madziwo akhale a kamtengoka kokha. Akatha, a borehole ndi abwino kusiyana ndi ludzu, kungoti muzithira ambiri nthawi zina mpaka atulukire kunsi, ndipo mvula ikayamba musiye mphika panja utsukike. Pisani chala m'dothi musanathirire. Likhale lonyowa, osati matope.

Mphikawo muuike kum'mawa kwa nyumba, polandira dzuwa la m'mawa mpaka cha m'ma 10 koloko, kenako mthunzi. Khoma loyang'ana kumadzulo limawamba masamba mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo mphepo ya fumbi ya mu Ogasiti imaumitsa mphika msanga kuposa momwe mungaganizire. Timitu ta maluwa timapangika m'miyezi ya mvula, ndiye mvula ikadula mu Januwale kapena Febuluwale musadalire mitambo. Kamtengo kakauma nthawi imeneyo, timituto timagwa tisanatseguke.

Feteleza ndi wochepa chabe, wolembedwa kuti ndi wa azalea ndi camellia, kapena kasupuni kakang'ono ka ammonium sulphate kosungunula m'madzi a mu ndowa, kawiri kapena katatu kuyambira pomwe masamba atsopano aphuka mpaka Januwale. Masamba akachita chikasu chija, funsani mankhwala opatsa zomera ayironi otchedwa iron chelate m'masitolo a zaulimi, makamaka wa mtundu wa EDDHA, womwe umagwirabe ntchito ngakhale pali laimu.

Muzitembenuza masamba nthawi ndi nthawi. Mukapeza tizilombo tooneka ngati timamba tokakamira kunsi, pamwamba pali zakuda ngati mwaye, pukutani ndi kansalu konyika m'madzi a sopo. Kudulira kulibe ntchito kwenikweni pa Shishi Gashira. Nthambi ikasokonekera, iduleni mu Julayi maluwa atangotha, chifukwa mukadula nthawi ya mvula mudzakhala mwataya maluwa a chaka chimenecho.