Moto wa ku Los Angeles ndi malamulo a chisankho

Funso: Akonzi, ndinamva kuti moto utapsereza nyumba mumzinda wa Los Angeles ku California, Pulezidenti wa America Donald Trump anafuna kuti chigawo cha California chisinthe malamulo a chisankho kuti chilandire thandizo. Kodi nkhani ziwirizi zikugwirizana pati? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Mwamva zoona. Motowo unabuka pa 7 Januwale 2025, ndipo mphepo yamkuntho ya Santa Ana inaukolezera mpaka unawononga nyumba zoposa 16,000. Pa 24 Januwale a Trump ananena kuti akufuna kuti ovota a ku California azionetsa chiphaso, komanso kuti madzi a kumpoto kwa chigawocho atumizidwe kum'mwera. Anthu ambiri kumeneko amavota kudzera pa positi, ndipo oyendetsa chisankho amafananitsa siginecha ya wovota ndi imene ili m'kaundula. A chipani cha Republican, chomwe ndi cha a Trump, amati njirayi imapereka mpata wobera, pomwe a Democratic amati umboni wa kubera kochuluka palibe.

Pa nkhani yoteteza moto, a Trump amadzudzula Bwanamkubwa wa California, a Gavin Newsom, kuti sasamalira nkhalango, komatu nkhalango zoposa theka za m'chigawochi zili m'manja mwa boma lalikulu la ku Washington. Nawonso akuluakulu a mzinda ali ndi mlandu woti ayankhe, chifukwa dziwe losungiramo madzi la Santa Ynez linali lopanda madzi pa nthawiyo, likudikira kukonzedwa.

Ife tikuona kuti n'kulakwa kuchedwetsa thandizo la banja limene nyumba yake yapsa chifukwa cha mkangano wa mavoti, pakuti malamulo a chisankho amakambidwa ku nyumba ya malamulo ndi kukhoti.