Greenhouse ya pakhomo: isanagulidwe, funsani izi

Mwezi uno makalata ambiri afika okhudza greenhouse, nyumba yofoleredwa ndi pulasitiki yolimiramo mbewu. Alangizi athu a zamasamba asankha anayi.

Kuseri kwa nyumba yanga kuli malo a mamita 6 mulifupi ndi 12 mulitali. Ndikufuna ndizidya ndiwo zanga chaka chonse. Ena akuti ndigule greenhouse yaitali ya zitsulo, ena akuti tunnel yokhota ija ndi yokwanira. Ndisankhe iti? — Mayi wa ku Area 25

Mayi, za zitsulo tibwerako. Choyamba, mukufuna kudzalamo chiyani?

Kumaiko ozizira greenhouse amamangira kuti mbewu zisafe ndi chisanu. Kuno ku Lilongwe kuzizira kwa Juni ndi Julayi sikupha repu kapena kabichi, ndipo ndi nyengo imene masamba amakondwa panja penipeni. Chimene chimatisowetsa ndiwo ndi mvula ya Disembala mpaka Malichi, imene imabweretsa chiwawu pa tomato, komanso tizilombo ta nthawi ya dzuwa. Choncho denga la pulasitiki ntchito yake kuno ndi kutchinga mvula. Mdani wake ndi kutentha kwa Okutobala.

Ngati mtima wanu uli pa mpiru, repu, chainizi ndi letesi, musataye ndalama pa pulasitiki. Imikani mitengo, yalani shade net (neti ya mthunzi) yotchinga 30 kapena 40 peresenti ya dzuwa pamwamba, kwezani mabedi kuti madzi asamadikhe, basi. Neti imeneyi imachepetsa dzuwa, imaswa mphamvu ya mvula ndi matalala, ndipo ndi yabwinonso pa nazale. Ya 80 peresenti ija ndi yoimikapo galimoto. Pansi pake masamba amatalika owonda, otuwa.

Ngati mukufuna tomato, gilinipepa ndi nkhaka m'dzinja, pamene mitengo yake pamsika imakwera, apo ndiye pafunika pulasitiki pamwamba ndi insect net (neti yotchinga tizilombo) m'mbali. Tunnel yaifupi, yomwe pulasitiki yake imatsika mpaka pansi mbali zonse ziwiri, sitikulimbikitsa. Masana mpweya wotentha umasowa kothawira, mkatimo mumakhala ngati mu uvuni, ndipo usiku thukuta la pulasitiki limadontha pa masamba, zomwe ndi kuitana chiwawu chomwe mumathawacho. Tunnel ndi yabwino ikakhala ndi miyendo yowongoka: m'mbali mutalike mamita 2 mpaka 2.5, kukhota kuyambire pamenepo, pakati pafike mamita 3.5 kapena 4. Mbali zonse zikhale neti mpaka pomwe denga layambira. Pamwamba pakakhalanso kazenera ka neti kotalika ndi nyumba yonse, ndi bwino koposa, chifukwa mpweya wotentha umakwera.

Pa malo anuwo mangani mamita 4 ndi 10. Musadzaze malo onse. Mpanda wa njerwa umatchinga mphepo, ndiye siyani mpata wa mita imodzi kapena kuposerapo mbali iliyonse, mukumbemo ngalande ya madzi a padenga. Mkati mupange mabedi awiri, lililonse mita imodzi mulifupi, mizere iwiri pa bedi, tomato atalikirane masentimita 45. Pakwana mitengo ya tomato pafupifupi 80. Ikakula, mtengo umodzi umamwa mpaka malita 2 patsiku nthawi yotentha, kutanthauza malita 160. Mgolo wa malita 200 pa thandala la mita imodzi ndi theka ukhoza kuyendetsa mapaipi a drip (othirira madonthomadontho) a nyumba yotere, bola muikepo sefa, apo ayi timabowo timatsekeka ndi matope. Pewani pansi pa mtengo wa mango. Tomato amafuna dzuwa maola osachepera 6.

Ndalama za greenhouse yogula ndilibe. Kodi ndingamange ndi milimo ya bulugamu, n'kufolera ndi pulasitiki ya m'hadiweya imene timafolera nayo nyumba za udzu? — Bambo wa ku Likuni

Mitengo inde, pulasitikiyo ayi.

Bulugamu amagwira ntchito ngati mwasankha wokhwima ndi wouma, wonenepa masentimita 10 kapena kuposa pa nsanamira. Vuto ndi chiswe ndi kuola m'tsinde. Gulani mitengo yothiridwa mankhwala ngati mungathe. Ngati ayi, sendani makungwa, wawulani m'tsinde pamoto, pakani oilo wakupsa, ndipo kwirirani masentimita 50 mpaka 60, makamaka ndi konkire pang'ono. Nsanamira zitalikirane mamita 2. Denga lipendekeke bwino kuti madzi asapange thumba pa pulasitiki, chifukwa thumba la madzi limodzi likhoza kuthyola phaso. Palani mfundo zonse ndipo kulungani nsanza kapena mphira wa chubu pamene pulasitiki ikhudza mtengo. Nsungwi ndi zabwino pa timatanelo ta nazale, koma pa nyumba yaikulu sizikhalitsa.

Pulasitiki ya greenhouse ndi ina. Funsani yokhuthala ma micron 200, yotetezedwa ku dzuwa, yolembedwa UV. Imeneyi imatha zaka zitatu kapena zinayi. Ya m'hadiweya ija dzuwa la kuno limaiumitsa m'miyezi yowerengeka, kenako mphepo ya Ogasiti imaing'amba zidutswazidutswa, ndipo yakuda siloleza n'komwe kuwala. Poyala ya UV ija, onani zolemba zosonyeza mbali yoyang'ana mkati. Yalani tsiku lopanda mphepo, dzuwa litafunda pang'ono kuti ikokeke. Ikayalidwa kozizira imadzalendewera masana n'kumakupiza, ndipo kukupizako n'kumene kumang'amba. Musakhome msomali mwachindunji pa pulasitiki: ipanikizeni ndi kathabwa kopyapyala. Pa nyumba ya zitsulo amapanikiza pulasitiki ndi profile (kachitsulo ka ngalande) ndi waya wa zigizagi, ndipo zitsulo zomwe zikhudza pulasitiki muzipake penti yoyera, chifukwa chitsulo chikatentha chimaiphika mzere wonse.

Pa neti musanyengerere. Neti ya udzudzu mabowo ake ndi aakulu, ntchentche zoyera zimadutsa, ndipo siichedwa kuola padzuwa. Imene imatchinga ntchentchezi ndi ya timabowo tating'onoting'ono, yotchedwa 50 mesh. Dziwani kuti neti yothina chonchi imachepetsanso mphepo, n'chifukwa chake timaumirira kuti nyumba ikhale yaitali. M'munsi mwake mukwirire m'ngalande ya masentimita 30. Khomo likhale la zitseko ziwiri, kachipinda pakati, kuti potseka china mutsegule china. Tuta absoluta, kagulugufe kamene mbozi zake zimaboola masamba ndi zipatso za tomato, kakangolowa kamaswana mkati mopanda chokasokoneza.

Tomato wanga mu greenhouse ndi wobiriwira bwino, watalika, koma maluwa akungoyoyoka. Wina amene wabereka akuola kumatako. Ndalakwitsa pati? — Wowerenga wa ku Area 49

Pa maluwa pali zifukwa ziwiri. Kutentha kukapitirira madigiri 32 mpaka 35 masiku otsatizana, mungu umafa. Pachikani thermometer pa msinkhu wa maluwa, muone nthawi ya 1 koloko masana. Ngati yakwera chonchi, yalani shade net pamwamba pa pulasitiki kuyambira Seputembala mpaka mvula itayamba, ndipo tsukani fumbi pa neti ya m'mbali, chifukwa fumbi la m'chilimwe limatseka mabowo. Chachiwiri, mkati mulibe mphepo kapena njuchi zogwedeza maluwa. Muzigwedeza nokha zingwe kapena waya womangirira, cha m'ma 9 kapena 10 koloko m'mawa mame atauma, katatu pa sabata. Feteleza wa urea wambiri amaonjezera vuto: mtengo umathamangira masamba.

Kuola kumatako si matenda ogwira, ndipo kupopera mankhwala sikuthandiza. Chipatso chikusowa mchere wa m'nthaka wotchedwa calcium chifukwa madzi akubwera modumphadumpha, lero chigumula, mawa chilala. Thirirani pang'onopang'ono tsiku lililonse, m'mawa, nthawi yofanana, ndipo phimbirani mabedi ndi udzu wouma.

Onaninso mbewu. Ya mu greenhouse ikhale yokula mosalekeza, monga Money Maker kapena Anna F1, yosiyidwa ndi thunthu limodzi, mphukira za m'khwapa zikuchotsedwa sabata iliyonse. Mitundu yaifupi monga Rodade imabereka kamodzi n'kutha. Malo ake ndi kudimba.

Chaka choyamba ndinakolola bwino. Chaka chino tomato akufota masana ngakhale nthaka ili yonyowa. — Bambo wa ku Chinsapo

Bambo, zulani mtengo umodzi. Mizu ikakhala ndi timatudza, ndi tinyongolotsi ta m'nthaka, ma nematode, tomwe timachuluka pamalo pamene panalimidwapo fodya kapena tomato. Mizu ikakhala yosalala, dulani tsinde muviike m'tambula ya madzi oyera. Mukaona timadzi tonga mkaka tikutsika ngati ulusi, ndi matenda ofotetsa a bakiteriya, ndipo mankhwala opopera palibe. Zulani yonse yodwala ndi dothi lake, mukatenthe kutali.

Greenhouse sisuntha, ndiye kudzala tomato pa tomato kumaunjika matenda. Gilinipepa, biringanya ndi mbatatesi ndi banja limodzi ndi tomato, sizithandiza pa kasinthasintha, ikanimo anyezi. Mu Seputembala ndi Okutobala nyowetsani nthaka, iphimbeni ndi pulasitiki yoonekera, kwirirani m'mphepete, musiye masabata 4 mpaka 6 kuti dzuwa liiphike. Izi zimachepetsa nyongolotsi koma bakiteriya uja samatha msanga. Akakhala ameneyo, lekani kudzala pansi: gwiritsani matumba a malita 20 obooledwa pansi, okhala pa pulasitiki, odzazidwa ndi magawo awiri a dothi la kwina, gawo limodzi manyowa owola bwino, ndi gawo limodzi mchenga wa kumtsinje. Khasu ndi keni za mkati zikhale zamkati. Aliyense wogwira kapena kusuta fodya asambe m'manja ndi sopo asanakhudze mbewu, chifukwa fodya amanyamula kachilombo kobweretsa mawangamawanga pa masamba a tomato.