Mpeni wa m'thiraki ndi malamulo a ma state ku America

Achimwene,

Kalata yanu ndaiwerenga. Mwati mumakhala ku South Bend, ku Indiana, muli ndi green card, chiphaso chokhala ku America mokhazikika, ndipo mwangoyamba kuyendetsa thiraki ya maulendo ataliatali: Michigan, Chicago, nthawi zina Texas, California ndi New York. M'thumba mumayenda ndi mpeni wopinda wokhala ndi loko, wa mainchesi 4, wodulira zingwe ndi mapulasitiki a katundu. M'chitseko cha thiraki muli mpeni wina wosapinda, wakuthwa mbali zonse ziwiri, umene mumaphera mbuzi mukapita kufamu ndi anzanu. Mnzanu wina wakuuzani kuti mpeni wosapyola chikhatho ngololedwa America yense, ndipo mukufunsa ngati nzoona.

Si zoona. Lamulo la chikhatho mulibe m'buku lililonse. State iliyonse mwa 50 zija ili ndi malamulo ake a mipeni, ndipo m'ma state ambiri mizinda imaonjezapo ake. Mpeni umene simungafunsidwe nawo kanthu m'mawa ku Indiana ungakugonetseni m'chitokosi masana a tsiku lomwelo, mutangoyenda makilomita ochepa.

Ndiyambe ndi umene wandidetsa nkhawa kwambiri, wophera mbuzi uja. Uchotseni m'thirakimo lero. Ku Indiana malamulo ngofewa: palibe malire a kutalika kwa mpeni, ndipo choletsedwa kwenikweni ndi kulowa nawo pasukulu kapena m'basi ya sukulu. Koma Michigan ili pakhomo panu pomwepo, ku tauni ya Niles mumafika tiyi asanazizire. Kumeneko gawo 750.227 la malamulo awo limaletsa kubisa mpeni wosapinda wakuthwa konsekonse, kaya ndi wautali kaya waufupi. Limaletsanso kukhala nawo m'galimoto imene mukuyendetsa kapena mwakwera, wobisika kapena woonekera. Umenewu ndi mlandu waukulu, umene kuno amati felony, ndipo chilango chake chimafika zaka 5 kundende kapena chindapusa cha madola 2,500. Lamulolo limamasula munthu amene ali m'nyumba mwake, pamalo a bizinesi yake kapena pamunda wake, komanso mpeni wa ulenje umene wanyamulidwadi chifukwa cha ulenje. Musadalire kuti woweruza adzaona kabedi ka kumbuyo kwa thiraki ngati nyumba yanu. Loya angayese mfundo imeneyo, koma pofika pamenepo mudzakhala mutamangidwa kale, katundu wa kampani ali pamsewu.

Tibwere ku mpeni wa m'thumba. Ku Chicago lamulo la mzinda limaletsa kubisa mpeni wotalika kupyola mainchesi 2.5, amene ndi masentimita 6 ndi pang'ono. Wanuwo wapyola. Ku Colorado, ngati mudzadutseko popita kumadzulo, malire a mpeni wobisika ndi mainchesi 3.5. Wapyolanso. Mumzinda wa New York mpeni wa mainchesi 4 kapena kuposa ngoletsedwa pagulu, ndipo ngakhale waufupi suyenera kuonekera. Kachitsulo kokolekera mpeni m'thumba kakatulukira kunja kwa thumba, wapolisi angakuimitseni. Pali mpata wa anthu amene ntchito yawo imafuna mpeni, koma ndi mpata umene mumakaufotokoza mutagwidwa kale. State ya New York inachotsa mu 2019 lamulo la mipeni yotseguka poikutumula, limene linamangitsa amisiri ndi antchito ambiri osalakwa, koma switchblade, mpeni wotseguka wokha mukadina batani, idakali yoletsedwa kumeneko.

California imasokoneza anthu chifukwa siyang'ana kwambiri kutalika. Imayang'ana ngati mpeniwo uli wokonzeka kubaya. Mpeni wopinda, utapindidwa m'thumba, state siiletsa ngakhale uli wautali. Mpeni womwewo ukakhala wotambasula, loko yagwira, nkuubisa m'jekete, wasanduka chida chobisika pansi pa gawo 21310 la Penal Code, ndipo woimira boma pamlandu angasankhe kuuzenga ngati mlandu waung'ono kapena ngati felony yofika zaka 3. Mpeni wosapinda uyenera kukhala m'chimake, ukulendewera m'chiuno poyera. Malaya akaufunda, wabisika. Kenako mulowe mumzinda wa Los Angeles, mupeze kuti kumeneko lamulo la mzinda limaletsa kuyenda ndi mpeni wa mainchesi 3 kapena kuposa poonekera, pokhapokha uli wa ntchito kapena chifukwa china chovomerezeka. Switchblade ya mainchesi 2 kapena kuposa njoletsedwa California yense, ngakhale ili pafupi ndi mpando wa dalaivala.

Texas ndiye yamasula kwambiri. Kuyambira pa 1 September 2017 munthu wamkulu angayende ngakhale ndi chikwanje, ndipo mizinda siloledwa kuika malamulo akeake a mipeni. Chimene chinatsala nchakuti mpeni wopyola mainchesi 5.5 sulowa kusukulu, kukhoti, malo oponyera voti, kuchipatala, kumasewera ndi m'mabala. Malo ambiri mwa amenewa chilango ndi chindapusa chosapyola madola 500, koma pasukulu ndi felony.

Boma lalikulu la ku Washington lili ndi mbali yake. Lamulo la 1958 limaletsa malonda a switchblade odutsa malire a ma state. Lofunika kwa inu ndi lina, la nyumba za boma lalikulu: kulowamo ndi chida ndi mlandu wofika chaka chimodzi kundende, ndipo mpeni wokhawo umene suwerengedwa ngati chida ndi wa m'thumba wosafika mainchesi 2.5. Ofesi ya USCIS kumene mudzapite za unzika ndi imodzi mwa nyumba zimenezi. Tsiku limenelo siyani ngakhale kampeni kakang'ono kunyumba. Mundege mpeni uliwonse umapita m'chikwama chachikulu chimene mumapereka pakauntala, osati cha m'manja.

Mudzamvanso anthu akunena kuti Second Amendment, gawo la malamulo aakulu a dziko la America lopatsa anthu ufulu wokhala ndi zida, imateteza mipeni. Muli choona pang'ono. Chigamulo cha Supreme Court, khoti lalikulu la dziko lonse, pa mlandu wa mfuti wa Bruen chitatuluka mu 2022, khoti lalikulu la Massachusetts mu 2024 linathetsa lamulo la state imeneyo loletsa switchblade. Koma imeneyo ndi nkhondo ya maloya m'makhoti apamwamba, ya zaka ndi ndalama zambiri. Pamsewu wapolisi amatsata lamulo limene lilipo tsiku limenelo.

Tsono wapolisi akakuimitsani, muchite chiyani? Manja akhale pa chiwongolero. Musapise m'thumba kuti mumuonetse mpeni, ngakhale mtima wanu uli woyera. Iye sadziwa chimene dzanja likukatenga. Kuchokera pa mlandu wa Terry ndi state ya Ohio mu 1968, wapolisi amene ali ndi chifukwa chomveka choganizira kuti muli ndi chida angakupapaseni kunja kwa zovala. Akafunsa ngati muli ndi chakuthwa, musaname: nenani kuti muli mpeni wa ntchito m'thumba lakumanja, ndipo mumusiye autenge yekha. Dziwaninso kuti thiraki ya katundu imayenderedwa pamasikelo ndi pamsewu mosavuta kuposa galimoto yanuyanu, kotero chimene chili m'chitseko chidzaoneka tsiku lina.

Funso loopsa ndi lotsatira, lija limamveka ngati macheza: mpeniwu ngwachiyani? Madalaivala ambiri amayankha kuti ngodzitetezera, poti amagona m'malo achilendo usiku. Ndikukupemphani, mawu amenewa asatuluke pakamwa panu. Malamulo ambiri a mipeni amadalira cholinga cha munthu. Ku Michigan komwe kuja, kuyenda ndi mpeni wopyola mainchesi 3 ndi cholinga chougwiritsa ntchito pa munthu mosaloledwa ndi felony ina payokha, ndipo mawu akuti kudziteteza amapatsa woimira boma poyambira kunena kuti munaunyamula ngati chida. Kalata yanu ikuti ngodulira zingwe. Chimenecho ndiye choona, ndipo nchokwanira. Mafunso akapitirira, nenani momveka kuti simuyankhanso kanthu mpaka mutaonana ndi loya. Muyenera kunena ndi pakamwa; Supreme Court inagamula mu 2010 kuti kungokhala duu sikuwerengedwa ngati mwapempha ufulu wanu wokhala chete. Akapempha kufufuza m'zikwama zanu, muli ndi ufulu wonena mwaulemu kuti simukuvomera. Akafufuzabe, musalimbane nawo; zimenezo loya adzazitsutsa kukhoti.

Mukamangidwa popanda chikalata cha khoti, woweruza ayenera kuunika chifukwa chake, kawirikawiri pasanathe maola 48. Mudzawerengeredwa mlandu, nkhani ya belo idzakambidwa, ndipo ngati mulibe ndalama ya loya pamlandu umene ungakulowetseni kundende, boma limakupatsani public defender. Poti ndinu nzika ya Malawi, mungapemphenso kuti ofesi ya kazembe wathu ku Washington idziwitsidwe.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pamene abale athu ambiri amapunthwa. Woimira boma adzakupatsani njira yachidule: vomerani mlandu wocheperako, lipirani chindapusa, pitani kwanu lero. Kwa nzika ya America imeneyi ingakhale njira yabwino. Kwa inu wa green card, musavomere kanthu musanafunse loya wa za immigration. M'malamulo a immigration, kuvomera mlandu pamodzi ndi chilango chilichonse, ngakhale probation, kuja koyang'aniridwa muli kunja kwa ndende, kumawerengedwa ngati mwapezeka wolakwa, ngakhale khoti la state litadzafufuta mlanduwo pambuyo pake. Kungopezeka ndi mpeni sikuli m'gulu limodzi ndi milandu ya mfuti, imene imathamangitsa munthu m'dziko mwachindunji. Koma ngati panali mkangano, mpeni nkutuluka, mlandu nkukhala woopseza kapena kuvulaza munthu ndi chida, zinthu zasintha. Mlandu wa chiwawa wa chilango cha chaka chimodzi kapena kuposa, ngakhale chilangocho chitaimikidwa osakalowa kundende, ungawerengedwe ngati aggravated felony, gulu la milandu yaikulu kwambiri m'malamulo a immigration, ndipo pamenepo njira zopulumutsira green card zimatsala zochepa kwambiri. Masiku 364 ndi masiku 365 akusiyana tsiku limodzi lokha, koma loya wodziwa amamenyera tsiku limenelo.

Muli ndi ufulu wouzidwa zimenezi. Jose Padilla anali dalaivala wa thiraki ngati inu, wochokera ku Honduras, amene anakhala ku America zaka zoposa 40 ndi green card. Anavomera mlandu wonyamula chamba ku Kentucky, ndipo anadandaula kuti loya wake anamuuza kuti asade nkhawa za immigration. Mu 2010 Supreme Court inagamula kuti loya ayenera kuchenjeza munthu wake ngati kuvomera mlandu kungamuchotsetse m'dziko. Choncho muuzeni public defender pa tsiku loyamba kuti sindinu nzika. Sungani mapepala onse a khoti, ngakhale mlandu utathetsedwa, chifukwa fomu ya unzika, N-400, imafunsa za kumangidwa kulikonse, osati za kupezeka wolakwa kokha.

Pa ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku, gulani mpeni wopinda wosafika mainchesi 2.5, wakuthwa mbali imodzi, wopanda batani, ndipo muziuika wonse mkati mwa thumba utapindidwa. Poyeza, yambani kunsonga mpaka pamene chigwiriro chayambira, kuphatikizapo mbali yosanoledwa. Mpeni wa mainchesi 4 uja uzikhala m'bokosi la zipangizo lokhoma, kutali ndi mpando. Funsaninso kampani yanu malamulo ake, poti madoko, malo a asilikali ndi mafakitale ena amakana mpeni uliwonse pageti. Malamulo amenewa amasinthasintha, ndiye mukapatsidwa njira yatsopano mundilembere mayina a ma state ndi mizinda imene mudutse, tione limodzi musananyamuke.

Moni kwa alamu ndi ana.