Membala wa khonsolo ya koleji wokhala ndi mahositelo ake: yankho langa kwa mayi amene afunsa

Mayi, mwafunsa ngati n'kulakwa kuti munthu amene boma lamuika mu khonsolo yoyendetsa koleji akhale ndi nyumba zochititsa lendi ophunzira a koleji yomweyo, komanso kuti kampani ya mlamu wake ipikisane nawo pa tenda yophikira ophunzirawo. Ena ayankha kale kuti palibe vuto bola asabe ndalama. Ine sindikugwirizana nawo ngakhale pang'ono.

Ya mlamuyo ndi yosavuta, chifukwa lamulo lilipo. Corrupt Practices Act, lamulo la 1995 limene linakhazikitsa bungwe lolimbana ndi katangale la ACB, limawerengera aliyense amene ali membala wa bungwe laboma kuti ndi wogwira ntchito zaboma, kaya amalipidwa kaya ayi, kaya amangobwera tsiku la msonkhano lokha. Ndime 25D imati ngati pakukambidwa kontirakiti imene iye, wachibale wake kapena mnzake wapamtima angapindule nayo, aulule ndipo asatenge nawo mbali pa zokambiranazo. Ndiye ngati bambowo anakhala phee pampando nkhani ya mlamu wawo ikukambidwa, mlandu ulipo kale, ngakhale tambala imodzi isanasowe.

Wina anena kuti nkhani za tenda sizigamulidwa ndi khonsolo, zimagamulidwa ndi komiti yogula katundu ya pakolejipo motsatira lamulo la PPDA loyendetsa kagulidwe ka katundu wa boma. N'zoona. Koma taganizirani za wogwira ntchito amene wakhala mu komitiyo. Bwana wake amayankha ku khonsolo, ndipo kontirakiti ya bwanayo ikatha, khonsolo yomweyo ndi imene imakhala ndi mawu. Akaona dzina la kampani ija pa envulopu, safunika kuimbiridwa foni ndi munthu. Amadziwa yekha.

Imene imandipweteka mtima ine ndi ya nyumbazo, chifukwa palibe tenda, palibe pepala limene bambowo asainirana ndi koleji, ndiye zimaoneka ngati zoyera. Tonse a mu Blantyre muno timadziwa mmene malo ogona amavutira. Kuyambira pamene University of Malawi inagawidwa mu 2021, Polytechnic n'kukhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala KUHeS, tili ndi mayunivesite awiri aboma mumzinda uno, ndipo ophunzira ambiri amagona kunja kwa sukulu, ku Chitawira, ku Naperi, ku Ndirande, kulikonse kumene apeza chipinda. Ambiri lendiyo amalipira ndi ngongole ya ku Loans Board imene adzabweze akadzayamba ntchito. Tsono pa koleji iliyonse, amene amavomereza bajeti ndi mapulani a zomangamanga ndi khonsolo. Tsiku limene pabwere ganizo lomanga hositelo ya mabedi ambiri, munthu amene zipinda zake zimadzaza chifukwa cha kusowa kwa malo anena chiyani? Sangakane poyera. Angonena modekha kuti ndalama palibe chaka chino, tiyeni tidikire kaye, ndipo anzake agwedeza mitu poti ndi munthu wodziwa bizinesi. Palibe oditala amene angagwire zimenezi, chifukwa nyumba imene sinamangidwe siioneka m'mabuku. Amene amazimva ndi mtsikana amene akuyenda usiku kuchokera ku laibulale kupita kuchipinda cha lendi, ndi kholo limene lagulitsa chimanga chakudya kuti lendiyo ikwane.

Sindikunena kuti anthu abizinesi asamalowe m'makhonsolo. Timawafuna, amadziwa kuwerenga ndalama. Mwinanso bambo amene mukunenawo ndi oona mtima. Koma ngakhale woona mtima sayenera kugamula nkhani imene thumba lake lili momwemo. Aulule zonse polemba tsiku loyamba, atuluke m'chipinda nkhani ya malo ogona kapena chakudya ikafika, ndipo maminitsi alembe kuti anatuluka. Ngati nkhani zoterezi zimabwera pafupifupi msonkhano uliwonse, atule pansi udindo. Osankha anthuwa nawonso azifunsa mafunsowa asanalengeze maina, osati kungoyang'ana amene anawathandiza pa kampeni.

Inu mayi muli ndi pogwira. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo limakupatsani ufulu wolembera koleji yaboma kupempha kuti muone ngati membalayo anaulula za malonda ake, ndi kampani imene inapambana tenda ija. Lembani kalata, sungani kope, ndipo mukapeze makolo anzanu awiri atatu musainire limodzi. Akakubisirani kapena mukaona kuti sanaulule, kadandauleni ku ACB kapena kwa Ombudsman. Chonde musatchule dzina la munthuyo pagulu pano mapepalawo asanafike m'manja mwanu.