Funsani Amisiri: Transmita ikumveka komwe sindinaitume

FUNSO: Akonzi, ndinalumikiza ndekha transmita ya SSB (njira ina yotumizira mawu pa wailesi) ya mawati 10 pa bandi ya mamita 20. IF yake (firikwensi yapakati) ndi 9 MHz, VFO (chigawo chosinthira firikwensi) imayenda kuyambira 5.0 mpaka 5.35 MHz. Ndikamalankhula pa 14.2 MHz mnzanga amandimvanso pa 3.8, ndipo wailesi ya shortwave ya aneba imaliza likhweru pa 15.6. Ndinaika low-pass filter (fyuluta yodula mafirikwensi apamwamba) potulukira koma sizinasinthe. Ndichite bwanji? Wowerenga wa ku Kapata, Chipata.

YANKHO: Bambo, fyulutayo ilibe mlandu, kungoti mlonda mwamuimika pakhomo lomwe akuba sadzerapo. Ntchito yake ndi kudula ma harmonic a 28.4 ndi 42.6 MHz (14.2 kuchulukitsa kawiri ndi katatu). Zomwe zikukuvutani zikubadwira mu mikisa, chigawo chomwe chimasakaniza IF ndi VFO.

Pa 14.2, VFO yanu ili pa 5.2. Mikisa imaphatikiza 9 ndi 5.2, koma imachotseranso, ndiye 3.8 ija. Chulukitsani 5.2 katatu mupeza 15.6, m'kati mwa bandi ya mamita 19 momwe aneba amamvera nkhani. Palinso ina yomwe simunaitchule: 18 (9 kawiri) kuchotsa 5.2, ndiye 12.8 MHz.

Yambani ndi mphamvu yolowa, poti apa mpomwe ambiri amaphonya. Mikisa ya madayodi ngati SBL-1 kapena ADE-1 imafuna mphamvu ya +7 dBm kuchokera ku VFO, koma siginolo ya 9 MHz isapitirire -10 dBm. Anthu amaikankha kuti mawati achuluke, zinyalala nkuchulukirapo. Mukatsitsa IF ndi 6 dB, ya 12.8 imatsika pafupifupi 12 dB. Zomwe mwatayazo muzibweze ndi amplifaya patsogolo.

Potulukira mikisa pamafunika ma ohm 50 pa mafirikwensi onse. Fyuluta ikalumikizidwa mwachindunji, zomwe yakana zimabwerera m'madayodi nkusakanizikanso. Ikanipo pad (yochepetsa mphamvu) ya 6 dB: ma resistor awiri a 150 ohm opita pansi, ina ya 39 ohm pakati pawo.

Kenako band-pass filter, fyuluta yolola 14.0 mpaka 14.35 MHz yokha, amplifaya yoyamba isanafike. Ife timalangiza makoyilo atatu pa ma toroid (timphete tokulungapo waya) achikasu a T50-6. Awiri amachotsa 3.8 mosavuta, koma kumunsi kwa bandi VFO ili pa 5.0, ndipo 15.0 (5.0 katatu) imatalikirana ndi inu 1 MHz yokha. VFO muitsekere m'kabokosi ka malata (chitini cha mkaka chotsukidwa chimakwana), mawaya ake akhale coax yaifupi, chifukwa siginolo imatha kulumpha fyuluta kudzera mumpweya.

Poyesa musalumikize eriyo. Gwiritsani dummy load (resistor yolowa m'malo mwa eriyo) ya 50 ohm ndi tinySA (kachipangizo koonera mafirikwensi omwe akutuluka) kudzera pa attenuator yochepetsa mphamvu, apo ayi mudzaiwotcha tinySA-yo. Malire a ITU, bungwe la padziko lonse loona za mauthenga, pa mawati 10 ngati anuwa ndi akuti zosafunikazo zikhale 50 dB pansi pa siginolo yeniyeni. Laisensi ya ZICTA, bungwe loona za mauthenga mu Zambia, ndi chiitano (call sign) choyamba ndi 9J zimakulolani pa mabandi a amateur pokha, choncho dikirani 15.6 itsike kaye musanaitanenso CQ (kuitana aliyense amene akumva).